Gulu la owerenga nkhani za mlamu wanga lasanduka msika, ndithandizeni nzeru

MlamuWaMlembi
Abale, ndithandizeni ndisanaponye foni m'chitsime. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga aakulu, amalemba nkhani za chikondi ndi za m'banja, zija zimatuluka gawo ndi gawo pa Facebook. Anayamba ngati masewera ali pa tchuthi cha uchembere, anthu n'kuzikonda, mpaka chaka chatha anasindikiza buku. M'makomenti anthu ankangofunsa kuti gulu la WhatsApp lilipo? Ndiye anandipempha ine kuti ndilitsegule poti pakhomo pathu wooneka wodziwa za mafoni ndine. Ndinatsegula, ndinaika linki pa peji, ndinakagona. Kutacha tinali 300 ndi kanthu. Pano tadutsa 800.

Miyezi iwiri yoyamba kunali kokoma. Anthu ankakangana za mtsikana wa m'nkhani ngati ndi mwana wa mnansi wawo, wina mpaka kulumbira kuti akakumana ndi apongozi a m'nkhaniyo awamenya. Lero mukatsegula m'mawa mupeza mauthenga mazanamazana: wina akugulitsa zinziri, wina zitenje, wina mapuloti, mavesi a 4 koloko mbandakucha, masitika, ndale. Sabata yatha mayi wina anandiimbira mawu akunjenjemera kuti bambo wina wa pagulu pomwepo anatola nambala yake n'kumamutumizira zonyansa usiku. Ndipo dzulo lomweli wina waponya PDF ya buku lonse, buku limene mlamu anakongolera ndalama ku banki m'khonde kuti lituluke.

Mlamu wasiya kulankhula pagulupo. Akuti ndingolitseka. Ine mtima ukukana chifukwa muli anthu amene amakondadi nkhanizi. Amene munayendetsapo gulu lotere, mumatani?

Kafadala265
Munaika linki pa Facebook? Achimwene, mwasiya chitseko chotsegula pa depoti kenako mukudabwa kuti pabalaza padzaza mavenda.

NaPhiri_wa_ku_25
Musaseke, munthu wabwera ndi vuto. Achimwene, zina tikambirana, koma izi chitani usiku uno musanagone. Lowani pa settings za gulu musinthe linki. Pali poti reset, mukadina pamenepo linki yakale ija imafa, ngakhale ikhale pa Facebook sigwiranso ntchito. Kenako muyatse poti wofuna kulowa azidikira adimini amuvomereze. PDF ija ifufuteni pompano. Adimini amatha kufufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa aliyense, koma mpata wake ndi wa masiku awiri okha, mukachedwa basi. Amene anatsitsa kale anatsitsa, koma ambiri sanaitsegule n'komwe poopa bandulo. Mukatero tsekani gulu kuti azilemba maadimini okha, tsiku limodzi kapena awiri, mitima izizire.

MlamuWaMlembi
Zikomo achemwali. Linki ndasintha, PDF ndafufuta. Koma zotseka pakamwa anthu 800 ndikuchita nazo mantha. Sanena kuti ndayamba kudzimva?

NaPhiri_wa_ku_25
Anena ndithu. Pamene azinena inu mudzakhala mukugona tulo koyamba mwezi uno.

Tchona_wa_ku_Joni
Ine ndinena mosapsatira, WhatsApp sanaipangire zimenezi. Gulu lake limathera pa anthu 1,024, ndiye inu mwatsala pang'ono kudzaza. Choipitsitsa n'chakuti aliyense amaona nambala ya mnzake, n'chifukwa chake mayi uja wavutika. Samukirani pa Telegram. Kumeneko gulu limafika anthu 200,000, munthu amatha kubisa nambala n'kumangooneka dzina. Pali njira yoti munthu akalemba adikire mphindi zingapo asanalembenso, ndiye amasitika aja amatopa okha. Gulu limodzi mumatha kuligawa mitu, uku za buku, uku macheza. Mumathanso kuletsa kuti zimene zaikidwa pagulu zisatumizidwe kwina. Komanso munthu akafuna kukamba mathero a nkhani amawaphimba mawuwo, wofuna kuona yekha ndi amene amadina. Zonse zimene mukulirazi anzathu anazikonza kale.

MwanaWaKuNtcheu
Akulu a ku Joni, kwanuko wifi ili ngati mpweya. Kuno munthu amagula kabandulo ka WhatsApp yokha, ka tsiku limodzi, ndipo foni yake ndi ija imayamba kudandaula kuti malo adzaza ukangojambula chithunzi chimodzi. Ameneyo mukamuuze atsitse app ina? Afufute zithunzi za ukwati wa mwana wake chifukwa cha inu?

Namzeze
Ife tinayesapo ndi gulu lathu la ndakatulo. Tinali pafupifupi 400. Tinalengeza bwinobwino, tinapereka sabata ziwiri, tinasamuka. Pa Telegram tinafika 60. Olankhula analipo osakwana 10, onse okhala kunja kapena a m'maofesi. Alimi, amayi apamsika ndi aphunzitsi akumudzi amene ankatipatsa ndemanga zokoma kwambiri onse anatsala. Patatha miyezi itatu tinabwerera pa WhatsApp mwamanyazi.

Ndipo zoletsa kutumiza kwina zija musazidalire. Munthu amangotenga foni ya mkazi wake n'kujambula sikirini.

Dev_wa_Chirimba
Nanga Discord bwanji? Olemba ambiri akunja amagwiritsa ntchito imeneyo. Mumapanga zipinda, mumagawa maudindo, wina amaona chipinda ichi wina sachiona, ndipo palibe nambala ya foni yooneka.

Kafadala265
Discord inayamba mu 2015 ya anyamata osewera magemu pa kompyuta. Owerenga a mlamu wawo ndi amayi a Mvano. Tiyeni tizikamba zotheka.

Dev_wa_Chirimba
Ndangopereka ganizo akulu, musandidye.

MphunzitsiWopuma
Ana anga, ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti mwathamangira kukangana za nyumba musanafunse kuti m'nyumbamo muzichitika chiyani. Bambo a MlamuWaMlembi, ndikufunseni: tsiku limene munatsegula gululi, munawauza anthu kuti ndi la chiyani? Kapena munangolemba dzina la mlembi n'kuika chithunzi? Chifukwa munthu akalowa pamalo pamene sanauzidwe kuti ndi pamaliro, paukwati kapena pamsika, amayala malonda ake. Si mwano, ndi njala.

Ndikumbutseko zakale. Mu 1970 ku Chancellor College kunayambika Writers Group, gulu la ophunzira ndi aphunzitsi okonda kulemba. Kachitidwe kake kanali kosavuta: munthu amabweretsa ndakatulo kapena nkhani yake, mapepala amagawidwa, iye amawerenga, anzake n'kuisenda bwinobwino. Panalibe foni, koma aliyense wolowa m'chipindamo ankadziwa chimene wabwerera, ndipo zokambirana zinali ndi poyambira ndi pothera. Gulu lanu lilibe poyambira, lilibe pothera. Limayaka usana ndi usiku ngati moto wa m'dzala.

Ine ndikanakhala inu ndikanasankha masiku. Gawo latsopano likatuluka, gulu litseguke madzulo amenewo, mufunse funso limodzi lenileni, monga lakuti kodi mtsikanayu walakwa kubisira mayi ake, anthu akambirane mpaka 10 koloko, mutseke. Anthu amalemekeza chinthu chimene chimatha.

China. Masiku amenewo olemba ankadziwa kuti m'chipinda mukhoza kukhala khutu la boma, n'chifukwa chake ankalankhula mophiphiritsa. Mmodzi wa oyambitsa gululo, Jack Mapanje, anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Lero nthawi inasintha, koma khutu lija lilipobe, dzina lake ndi sikirinishoti. Pagulu la anthu 800 musaganize kuti muli kuchipinda.

NaPhiri_wa_ku_25
Aphunzitsi mwalasa. Kumalo kolemba kufotokoza kwa gulu kuja ambiri amasiya kopanda kanthu.

MlamuWaMlembi
Ndavomera mlandu bambo. Ndinangolemba kuti "Takulandirani mafani onse."

Kafadala265
Ndiye wazinziri naye ndi fani. Walakwa chiyani?

Chitsotso
Ine ndikufuna nditsutse pang'ono zotsekatseka gulu. Ndili m'gulu lina la mlembi wina lomwe adimini wake amatsegula ola limodzi patsiku. Kuli zii ngati kumanda. Anthu amangoika kamtima, "nice one madam", basi. Chimene chimagwira anthu pagulu si buku lokha ayi. Ndi zoti wina anadwala tinamufunsa, wina anabereka tinamuyamikira, wina tinamuseka chifukwa amaikira kumbuyo mwamuna woipa wa m'nkhani. Mukachotsa zonsezo mwatsala ndi bolodi la zidziwitso. Ngati n'zimene mukufuna, tsegulani Channel ya WhatsApp, zija zinabwera mu 2023. Mlembi amalemba yekha, otsatira amangoika zizindikiro, palibe woona nambala ya mnzake. Mtendere wonse. Koma musamati ndi gulu.

MphunzitsiWopuma
Simunaname mwana wanga. Sindinati macheza afe. Ndati akhale ndi khonde lake, asamachitikire pa guwa.

NaPhiri_wa_ku_25
Ndipo zimenezo n'zotheka osachoka pa WhatsApp. Pangani Community, muike magulu angapo pansi pake. Ife kwathu tili ndi atatu. Loyamba ndi la zidziwitso, amalemba maadimini okha. Lachiwiri tinalitcha Bwalo, ndi la nkhani basi. Lachitatu ndi Khonde, kumeneko kambani za mpira, za mitengo ya feteleza, za ana, zilizonse kupatula ndale ndi zolaula. Amalonda tinawapatsa Loweruka, malonda amodzi munthu mmodzi. Chodabwitsa n'chakuti amalondawo ndi amene anasanduka apolisi. Wina akaponya malonda Lachiwiri, iwo ndi amene amayamba kukuwa.

Wa_ku_Cipata
Pepani kulowelela. Ine ndili ku Zambia koma nkhani za olemba a ku Malawi ndimawelenga kwambili. Cimene cimandicotsa m'magulu anu ndi ici: ukalemba ndemanga yako, m'malo moyankha mfundo, wina ayamba kukonza kalembedwe. Ati si "cinthu" ndi "chinthu". Adimini naye aseka. Muikeko lamulo pa ici.

MwanaWaKuNtcheu
Koma akulu, h mumamusungira chiyani? Akudula kwanuko?

Wa_ku_Cipata
Mwaona? Ndi izi ndikamba.

MphunzitsiWopuma
Mwana wa ku Ntcheu, pepesa. M'bale wathuyu sakulakwitsa, akulemba momwe amalembera Cinyanja m'sukulu za ku Zambia. Ndipo mukatsegula mabuku akale osindikizidwa konkuno mupeza "cinthu" yemweyo. Dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo malamulo a kalembedwe amene tinaphunzitsa ife anadza ndi Chichewa Board imene inayamba mu 1972. Chilankhulo n'chimodzi, zipewa ndiye zosiyana.

Chitsotso
Ndiye mukayamba kukonza kalembedwe pa WhatsApp mutsala ndi ndani? Theka la gulu limalemba "nkhan yabho kwambili".

MwanaWaKuNtcheu
Ndapepesa a Cipata. Onani, ndalemba bwino.

Nasi_wa_ku_Leeds
Tabwererani kwa mayi uja abale, mwamuiwala. Kwa ine imeneyo ndiye nkhani yaikulu kuposa zinziri. A MlamuWaMlembi, bambo ameneyo akadali pagulu?

MlamuWaMlembi
Akadalipo. Ndinamulembera kumbali, anakana, akuti foni inali ndi mng'ono wake. Ndipo pagulu ndi munthu waulemu kwambiri, ndi amene amayamba kuyamikira gawo lililonse.

Nasi_wa_ku_Leeds
Foni imakhala ndi mng'ono wake 11 koloko usiku masiku anayi otsatizana? Mayiyo akutumizireni masikirinishoti, muone nambala, mumuchotse lero. Osamuyitanira pabwalo, osatchula dzina la mayiyo, osachititsa voti. Mungolemba kuti tachotsa membala chifukwa chovutitsa mnzake ku inbox, ndipo aliyense amene zamuchitikira zotere alembere adimini wakutiwakuti. Mudzadabwa kuchuluka kwa amene abwere. Azimayi ambiri sadandaula, amangotuluka mwakachetechete, inu n'kumati atopa ndi nkhani. Ndipo pakhale adimini wamkazi. Mayi uja anachita kulimba mtima kuimbira mwamuna kumuuza zoterozo.

Mayiyo amubuloke, koma asafufute mauthengawo. Akafuna kupita nazo kupolisi umboni ndi umenewo.

Kalaliki_wa_pa_Boma
Kuwonjezera apo, lamulo lilipo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kuvutitsa munthu, kumuopseza kapena kumutumizira zonyansa kudzera pa foni ndi pa intaneti. Anthu amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi pa Facebook, n'chifukwa chake ndale ndi zonyoza anthu otchulidwa maina musazilekerere pagulu lokhala ndi dzina la mlamu wanu. Mawa sikirinishoti ikamazungulira, pamwamba pake padzaoneka dzina la mlembi, osati la wolembayo.

Za PDF, buku ndi chuma cha mwini wake pansi pa Copyright Act ya 2016, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA. Anthu amaganiza kuti COSOMA ndi ya oimba okha, koma olemba mabuku nawo ndi ake. Mlamu wanu akalembetse ngati sanatero. Koma kunena zoona, simungathamangitse aliyense wofowada. Chofunika n'kudziwa kuti PDF inatuluka bwanji.

MlamuWaMlembi
Apo ndiye pali nkhani. Ndafufuza madzulo ano. Mlamu amagulitsanso PDF kwa anthu akutali, munthu amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, iye n'kumutumizira. Amene anaponya pagulu uja sanagule. Anapatsidwa ulere ndi mlamu mwini wake. Ndi mkazi wa malume awo, amenenso anali ankhoswe pa ukwati wawo. Ndawaimbira, akuti amafuna kuthandiza mwana kuti atchuke.

Kafadala265
Hahaha khoswe wakhala pa mkhate. Ponyani mwala tione.

Namzeze
Amenewo musawachotse, mungapasule banja chifukwa cha PDF. Ndipo mwina akunena zoona, anthu ambiri akuluakulu saona kusiyana pakati pa kufowada vesi ndi kufowada buku. Mlamu wanu apite yekha akawafotokozere ndi manambala: ndinakongola zakuti, buku limodzi ndimapezapo zakuti, kuti ndibweze ndiyenera kugulitsa mabuku akuti. Akamva za ngongole ya banki m'khonde amvetsa msanga kuposa kumva za COSOMA.

Mtsogolo muno, PDF iliyonse yogulitsa izikhala ndi dzina la wogula pa tsamba lililonse, mozimiririka chapakati. Zimatenga mphindi zochepa. Sizitseka kuba, koma munthu amachita manyazi kufowada chinthu cholembedwa dzina lake.

Tchona_wa_ku_Joni
Kapena asiye kugulitsa PDF. Anthu azilipira pamwezi kulowa gulu lapadera, magawo azituluka momwemo. Olemba angapo a pa Facebook akuchita zimenezi. Wolipira savuta, amasamala malo ake.

Chitsotso
Wolipira savuta? Akulu, simunamuone wolipira. Gawo likachedwa ndi ola limodzi chifukwa magetsi anathima, amalemba ngati wagula mlembiyo ndi ana ake omwe. Ndinaona mlembi wina akupepesa pagulu ali kuchipatala ndi mwana, anthu n'kumati tibwezereni ndalama zathu. Komanso mukangoyamba kutolera ndalama, adimini mwasanduka kalaliki: uyu walipira, uyu watumiza pa nambala yolakwika, uyu akuti analipira koma uthenga unafufutika. Mwezi ukatha muziwachotsa mmodzimmodzi. Ganizani kaye.

Tchona_wa_ku_Joni
Ndiye adye chiyani mlembiyo? Makomenti?

Chitsotso
Sindinati asalipiritse. Ndati asayambe mwezi uno pamene nyumba ikuyaka.

Kamdothi
Funso langa ndi lina. Kodi mlembi ayenera kukhala pagulu la owerenga ake? Ine ndimaona kuti ayi. Akakhalapo anthu amangoyamika. Ukati gawo ili silinakome, mathero mwathamangitsa, anthu khumi amakudumphira kuti lemba yako tione. Ndinatulukamo m'gulu lina chifukwa chongonena kuti munthu sangachoke ku Nsanje m'mawa pa minibasi n'kukadya nkhomaliro ku Karonga.

NaPhiri_wa_ku_25
Hahaha koma munanena zoona.

Nasi_wa_ku_Leeds
Ine ndikuona mbali inayo. Anthu analowa chifukwa cha iyeyo. Akasowa, gulu lizizira. Koma asamakhalepo tsiku lonse, ndipo asalowe ndi nambala yake yeniyeni. Agule SIM ina ya ntchito yolemba. Apo ayi aziimbiridwa pakati pa usiku ndi anthu ofuna kudziwa ngati mtsikana uja akwatiwe, ena opempha fizi, ena ofuna awalembere mbiri ya moyo wawo ulere. Azibwera tsiku limodzi pa sabata, ola limodzi, mafunso atoleredwe kale ndi maadimini. Masiku enawo owerenga akhale okha, anene zakukhosi.

MphunzitsiWopuma
Ndipo tsiku limene wabweralo, ayambe iye kuthokoza munthu amene anamudzudzula mwanzeru, pamaso pa onse. Akatero kamodzi kokha, asilikali ake aja aphunzira. Adimini sangaphunzitse zimenezo, ndi mlembi yekha. Pagule fumbi ndiwe mwini.

MlamuWaMlembi
Zimenezi zandikhudza. Ndikukumbuka tsiku limene mlamu anayamba kuzizira. Mtsikana wina analemba ndemanga yaitali, yaulemu, kuti amuna onse a m'nkhani zake ndi oipa ndipo zayamba kudziwikiratu. Anthu anamunyoza mpaka anatuluka. Mlamu anandiuza usiku womwewo kuti mwana uja amanena zoona, ndipo ndi yekhayo amene anawerenga ndi mutu. Ine sindinachitepo kanthu, ndinkaona ngati onyozawo akuteteza mlamu.

Kamdothi
Mufuneni mtsikana ameneyo mumupange adimini.

Mai_a_Mapasa
Ine dandaulo langa ndi oulula mathero. Ena timawerenga usiku ana akagona. Ukatsegula gulu masana kuti uone chidziwitso, wina walemba kale ndi zilembo zikuluzikulu kuti MAYO AFA ABAMBO AKE. Ndiye ndiwerengerenji? Ikani lamulo loti gawo likatuluka papite tsiku lathunthu, kapena amene anamaliza buku akhale ndi gulu lawolawo.

Chinanso, mwaonetsetsa kuti mulibe ana asukulu? Mwana wa mchemwali wanga wa Fomu 2 ndinamupeza m'gulu lina la nkhani zoti ngakhale ine ndimawerenga nditatseka chitseko. Povomereza anthu muzifunsako.

Dev_wa_Chirimba
Adzanama zaka.

Mai_a_Mapasa
Ena adzanama, ena adzathawa funsolo. Bola kuchepetsa.

MwanaWaKuNtcheu
Nanga uthenga wa maliro mutani nawo? Malonda n'zosavuta kufufuta. Koma membala akalemba kuti mayi anga atisiya, pali adimini amene angafufute? Ndiye pamabwera ma RIP 200, kenako nambala yotumizira chipepeso, kenako wina akuti ndalama sizinafike zonse.

NaPhiri_wa_ku_25
Ife tinapsa nazo zimenezo. Wina analengeza maliro a mwana, tinasonkha, patapita miyezi tinamva kuti analengezanso maliro omwewo m'gulu lina chaka chapitacho. Kuyambira pamenepo, uthenga wa zovuta umadzera kwa adimini, adimini amaimba foni kutsimikiza, n'kulengeza yekha ku Khonde. Opepesa amaika chizindikiro pa uthenga womwewo kapena kulembera mwini wake. Gulu silitolera ndalama, wofuna kuthandiza amatumiza yekha kwa wofedwayo. Ena anati tauma mtima. Koma chiyambire sitinakanganenso za ndalama.

Kalaliki_wa_pa_Boma
Musaiwale akuba magulu. Amakuimbira mwaulemu kuti ndine wa gulu lakuti, tili ndi msonkhano wa pa intaneti madzulo, takutumizirani manambala 6, tatiwerengereni. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukangowapatsa, akaunti yapita, ndipo ngati ndinu adimini gulu lapita nalo, ayamba kupempha ndalama m'dzina la mlembi. Adimini aliyense ayatse two-step verification aike PIN yake. Ndipo musapange adimini munthu amene simunamuonepo nkhope. Adimini amatha kuchotsa adimini mnzake, wosachotseka ndi amene anatsegula gulu yekha.

Nasi_wa_ku_Leeds
Koma musakhalenso nokha achimwene, mutu umodzi susenza denga. Anthu 800 akufunika maadimini anayi kapena asanu ogawana nthawi, ndi kagulu kawo kokambirana asanachotse munthu. Ine ndimagwira ntchito usiku, ndipo kuno timatsalira ndi ola limodzi kapena awiri kutengera nyengo, ndiye nthawi imene inu mukugona ine ndimakhala maso pa break. Zonyansa zambiri zimaponyedwa nthawi imeneyo. Pezani wa kunja mmodzi wotere. Ndipo mlamu aziwagulirako bandulo a kumudziwo, kapena kuwapatsa buku losainidwa. Kumvetsera voice note ya mphindi 7 kuti udziwe ngati muli chitukwano ndi ntchito, si chikondi chokha.

Kafadala265
Voice note yodutsa mphindi imodzi ndi ulaliki. Ifufutidwe osamvetsera.

Mai_a_Mapasa
Ayi, pali agogo ena pagulu lathu maso anafooka, mdzukulu amawawerengera nkhani, iwo amayankha ndi mawu. Ndemanga zawo ndi zimene timadikira tonse.

Kafadala265
Agogo okhawo tawapatsa chilolezo.

MlamuWaMlembi
Ndabwera kudzapereka lipoti, papita masiku angapo. Bambo uja ndinamuchotsa. Nditalengeza momwe ananenera a Nasi, azimayi ena atatu anandilembera za munthu yemweyo, ndipo mmodzi za munthu wina. Ameneyonso wapita. Gulu ndinalitseka masiku awiri, anatuluka anthu 70 ndi kanthu, wina anandilembera kuti ndine Kamuzu. Tapanga Bwalo ndi Khonde. Malamulo ndi asanu okha, ndawapina pamwamba, ngakhale ndazindikira kuti pini imatha pakapita masiku 30 ndiye ndiziikanso. Maadimini tilipo anayi, awiri ndi amayi. Mtsikana wa ndemanga uja ndinamupeza, wakana uadimini koma wabwerera.

Mlamu anabwera Lachisanu madzulo ola limodzi. Funso loyamba limene anasankha kuyankha linali lake la mtsikanayo, ndipo analonjeza kuti nkhani yotsatira mukhala mwamuna mmodzi wabwino. Anthu akukangana mpaka pano ngati wotereyo alipo.

Za azakhali a PDF sizinathe. Mlamu anapita, anakamba, iwo anamvetsa, anapepesa, mpaka anagula mabuku awiri. Koma dzulo aponya ku Bwalo chithunzi cha nkhuku zawo zoti zikugulitsidwa, ndipo linali Lachitatu.

NaPhiri_wa_ku_25
Mwafufuta?

MlamuWaMlembi
Ndinatuma adimini wa ku Mzuzu amene sakuwadziwa.

Kafadala265
Nkhukuzo ndi zachikuda kapena zoyera? Ndikufunsira mnzanga.